Tifunseni: Foni yalemba "Sent", nanga imelo yasochera kuti?

Funso: Ndinatumiza imelo yofunsira ntchito pamodzi ndi masatifiketi anga. Foni inaonetsa kuti yapita, koma patatha masiku angapo ndinalandira uthenga wochokera kwa "Mailer-Daemon" woti sinafike. Ameneyu ndi ndani, nanga imelo yangayo inali kuti masiku onsewa? (Mayi wa ku Dedza)

Yankho: Mayi, Mailer-Daemon si munthu ayi, ndi pulogalamu ya pa seva (kompyuta yaikulu yoyendetsa maimelo) imene imabweza makalata okanika kufika. "Sent" amangotanthauza kuti foni yanu yatula imeloyo pa seva ya kampani imene imakupatsani imelo, monga Gmail. Zili ngati mwaponya kalata m'bokosi la ku positi; ulendo wayamba kumene.

Sevayo imayang'ana dzina lili kumanja kwa chizindikiro cha @, n'kufunsa kwa DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti, kuti makalata a dzina limenelo amalandira ndi seva iti. Yankho limakhala pa MX record, mzere wa m'kaundulamo wotchula seva yolandira makalata. Ikaidziwa, imakagogoda pa khomo nambala 25, ndipo ziwirizi zimalankhulana mwa ndondomeko ya SMTP, imene inalembedwa mu 1982. Seva yanu imatchula wotumiza, wolandira, kenako n'kupereka uthengawo. Ya kutsidyako ikayankha ndi nambala 250, ndiye kuti kalata yalowa.

Tsono werengani nambala ili mu uthenga wobwererawo. Ikayamba ndi 4, monga 421 kapena 451, vuto ndi la kanthawi: seva ya uko yapanikizika kapena siili bwino. Zikatere seva yanu imaika imeloyo pamzere n'kumayesanso mobwerezabwereza, kawirikawiri kwa masiku 4 kapena 5, isanaisiye. Yanuyo iyenera kuti inali pamzere umenewu. Ikayamba ndi 5, akukanirani kotheratu, ndipo uthenga wotere suchedwa kubwera. 550 nthawi zambiri ndi adiresi yosakhalako, mwina mwangophonya chilembo chimodzi. 552 ndiye kuti katundu wakula kapena bokosi la mwini wake ladzaza.

Za kukulazi ambiri sazidziwa. Gmail imalola mafayilo osapitirira 25 MB, koma maseva ena malire awo ndi ochepa. Komanso fayilo ikamamangidwa mu imelo imafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, moti zithunzi za 9 MB zimayenda ngati 12 MB. Masatifiketiwo muwaphatikize mu PDF imodzi yopepuka, osati zithunzi khumi zojambula pa foni.

Funso: Imelo sinabwerere, koma mwini wake akuti sanaione. Zimatheka? (Bambo wa ku Chipata)

Yankho: Zimatheka ndithu, bambo. Seva imatha kulandira kalata n'kuiponya mu Spam, foda ya makalata okayikitsa, makamaka ikayesa SPF ndi DKIM, njira zotsimikizira wotumiza, n'kukayika ngati kalatayo yachokeradi kumene ikunena. Zikatere inu simuuzidwa kanthu. Muwaimbire foni, ayang'ane mu Spam, alembe adiresi yanu pofufuzira.