Ahedi akuti tikhale chete, koma ana akutsekula m'mimba

Mphunzitsi wina wa Sitandade 4 wanditumizira imelo yomwe yandisowetsa tulo. Akuti ana angapo a m'kalasi mwake ayamba kutsekula m'mimba mwamadzimadzi sabata yomweyi, wina anachita kumuberekera kwawo, koma ahedi akuti pasakhale phokoso chifukwa makolo achotsa ana ndipo mbiri ya sukulu iipa. Funso lawo ndi lakuti, akapita okha kukanena kuchipatala, alakwa?

Aphunzitsi, simulakwa, chifukwa kutsekula kotereku kungathe kukhala kolera. Ndipo musadikire kuti muone ngati mawa kudwale wina.

Mawu oti "mbiri ya sukulu" amenewa ine ndinawamvapo, ndipo mpaka lero akandifika m'khutu mtima umandiwawa. Mu 2023, mvula ili mkati, mwana wa mlamu wanga anali Fomu 1 pa sukulu ina yogonera konko yomwe si ya boma. Anayamba kutsekula usiku. Anamugoneka m'kachipinda ka odwala, kumupatsa Flagyl ndi tiyi, n'kuuza anzake kuti aliyense wouza makolo alangidwa. Amene anatiimbira ndi mayi wina wophika, pa foni yobwereka, akunong'ona. Titafika tinapeza mwana maso atalowa m'kati, milomo itauma, mawu asakutuluka. Mlamu wanga anamutsina khungu la pamimba, khungulo linangoima osabwerera. M'ndowa yomwe inali pafupi munali zoyererako ngati madzi otsukira mpunga, zosaoneka ngati chimbudzi n'komwe.

Kuchipatala anapeza kuti ndi kolera, anamugoneka mu tenti, pa bedi lobowola pakati, ndowa pansi pake. Fungo la klorini linali paliponse, ndipo polowa ndi potuluka ankatipopera kumapazi. Namwino anavutika kupeza mtsempha woti abaye diripi, anayesa dzanja ili, kenako linalo, mwanayo osalira n'komwe. Amayi ake anakhala panja pa mpanda atafunda chitenje kumutu usiku wonse. Anachira, Mulungu ndi wabwino. Koma titabwerera kusukulu kukatenga katundu wake, mkulu wa sukuluyo, asanafunse n'komwe za mwana, anayamba ndi kufuna kudziwa amene anatiimbira foni.

Ndiye ndikamamva kuti ahedi ena adakali ndi maganizo amenewa, ndimadabwa ngati tinali m'dziko limodzi nthawi ija. Kolera anayambira ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana. Tinkati mvula ikatha naye atha monga mwa kale, koma anapitirira m'chilimwe monse mpaka kufika m'maboma onse. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti mliriwu ndi ngozi pa umoyo wa anthu m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri, ndipo mu Febuluwale kunakhazikitsidwa kampeni ya Tithetse Kolera. Odwala anapitirira 58,000, omwalira anapitirira 1,700. Mliri wa kolera waukulu chotere sunaonekeponso m'Malawi. Chowawa kwambiri n'chakuti kolera ndi matenda ochizika: wodwala akalandira madzi msanga, pa anthu 100 womwalira safika ngakhale mmodzi. Kwathu kuno ankamwalira pafupifupi atatu pa 100 alionse, ndipo ambiri ankafika kuchipatala mochedwa. Kuchedwako kumayambira pa munthu wina amene wanena kuti tiyeni tione kaye.

Poyamba ndimafuna kulemba mowamvetsa ahedi anuwo, poti nawonso ali ndi mabwana, ali ndi komiti, amaopa kunenedwa kuti sukulu yawo ndi yauve. Koma ayi, sindiwamvetsa. Munthu amene makolo amusiyira ana mazanamazana alibe ufulu wosankha kuti matenda awa tinene, awa tibise. Sanaphunzire zachipatala, sangasiyanitse kolera ndi kamwazi kapena tayifodi poyang'ana ndi maso. Ntchito yake ndi kuitana odziwa. Akabisa, mwana yemwe ali ndi tizilombo amapita kunyumba, amagwira chikho chotungira madzi mu mtsuko, ndipo pakangotha maola 12 mpaka masiku asanu agogo ake kapena kakhanda ka m'nyumbamo kayamba. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akanakhala wawo akanamugoneka kuseri kwa ofesi n'kumadikira?

Ndipo tinene zoona, mbiri ya sukulu zathu zambiri inaipa kale ndi zimbudzi. Pitani kuseri kwa midadada nthawi ya buleki mukaone mzere wa ana pa zimbudzi ziwiri zodzadza, zitseko zinachoka kalekale, ang'onoang'ono akungokhala m'tchire. Ndowa yosambira m'manja imatuluka tsiku lomwe kukubwera a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, sopo amakhala m'kabati ya mu ofesi. Phala likaphikidwa, makapu amatsukidwa m'beseni limodzi madzi osasintha. Pa geti pali mandasi, zigege ndi mafilizesi omwe madzi ake palibe akudziwa kumene anatungidwa. Makolonso tili ndi mbali yathu: pa msonkhano wa PTA timakangana za yunifolomu mpaka dzuwa kupendeka, nkhani yokumba chimbudzi ikabwera aliyense wayamba kuyang'ana pansi.

Palinso mantha ena omwe anthu sakonda kuwatchula. Nthawi ya mliri ija kunamveka mphekesera zoti achipatala ndi amene akubaya anthu matendawa, ndipo m'madera ena anthu anafika pophwanya zipatala. Mabanja ena ankabisa odwala poopa kuti akamwalira maliro sayenda mwa mwambo. Mphunzitsi ndi munthu amene mudzi umamumvera. Akabisa iye, a kumudzi aziti nanga ife ndi ndani.

Zoti muchite

Pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, uja timati HSA, kapena kwa mkulu wa pa chipatala chaching'ono chomwe muli nacho pafupi. Iwowo ndi amene amatumiza uthenga ku ofesi ya DHO, yoyang'anira zaumoyo m'boma lanu, ndipo kolera ali m'gulu la matenda oyenera kunenedwa nthawi yomweyo, ngakhale pongoganizira chabe. Mungathenso kuimba 929, Chipatala Cha Pa Foni, ndi yaulere. Tengani kapepala kolemba mayina a ana, zaka, midzi yawo ndi tsiku lomwe aliyense anayamba, koma mayinawo apite kwa achipatala okha, osati pa gulu la WhatsApp. Ahedi auzeni mwaulemu kuti mwanena, ndipo a PEA adziwenso.

Mwana amene akutsekula ayambe kumwa Thanzi ORS pompopompo ali pa ulendo wa kuchipatala. Ngati palibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Madzi akumwa pa sukulu athiridwe klorini kapena Waterguard, ndipo pomwe mwana wasanza kapena kudziipitsira pathiridwe klorini, osatuma ana anzake kukakolopa.