Khutu langa silikusiya kulira chichitireni ngozi

FUNSO: Aphungu ndithandizeni. Chaka chatha ndinachita ngozi ya galimoto, thayala linaphulika tili pa liwiro galimoto nkugubuduzika, ine ndinatuluka ndi timabala tochepa chabe koma mnzanga yemwe tinakhala naye mpando umodzi sanapulumuke. Kuchokera tsiku limenelo m'makutu mwangamu mumangolira kuti tswiii ngati nyenje, masana ndimapirirako koma usiku eee, mukangoyamba kulira ndimaona ngozi ija ngati ikuchitikanso, mtima phaphapha thukuta lili kamukamu. Kuchipatala anandiunika akuti makutu alibe vuto ndingozolowera basi. Pano ndimatseka makutu ndi thonje, galimoto sindifunanso kukwera. Kodi ndikuyamba misala? — Bambo wa zaka 34

YANKHO: Pepani kwambiri achimwene, makamaka chifukwa cha mnzanuyo. Misala ayi, chotsani kaye maganizo amenewo. Kulira kwa m'khutu popanda chinthu chakunja chomwe chikulira madokotala amakutcha tinnitus, ndipo mwa akuluakulu 100 alionse pafupifupi 10 mpaka 15 amakumva, ambiri mwa iwo sikuwasowetsa tulo nkomwe. Ndiye funso lenileni ndi lakuti bwanji kwa inu kwafika povuta chonchi.

Chomwe ndikuona ndi ichi. Phokosolo linayamba nthawi imodzimodzi ndi chinthu choopsa kwambiri pamoyo wanu, ndiye ubongo unazimanga pamodzi. Taganizani za filiji, imalira tsiku lonse koma simuimva chifukwa ubongo unaiika m'gulu la zopanda ntchito, pomwe mayi amadzuka mwana akangoti ng'ee ngakhale kunja kukugwa chimvula. Ubongo wanu unaika kulira kwa khutuku m'gulu la mwana uja, ukuti ngozi ngozi, mvetsera! Mukamvetsera phokoso limaoneka ngati lakula, mantha amakwera, tulo timathawa, mawa lake mwatopa ndipo likumveka kwambiri kuposa dzulo. Zimangozungulira choncho. Katswiri wina dzina lake Pawel Jastreboff anafotokoza bwino kagwiridwe ntchito ka ubongo kameneka mu 1990, ndipo pamenepo mpomwe panachokera thandizo lotchedwa TRT, lomwe amaphatikiza uphungu ndi kaphokoso kapansipansi kuti ubongo usiye kulondera khutu.

Koma kwa inu sindingayambire kukhutu. Zomwe mwatchulazo, kuona ngozi ngati ikuchitikanso, kudzidzimuka, kupewa galimoto, zikapitirira mwezi umodzi zimafanana kwambiri ndi vuto lomwe amati PTSD, bala la m'maganizo lotsalira munthu akakumana ndi zoopsa. PTSD ndi kulira kwa m'khutu zimakonda kuyendera limodzi, asilikali ambiri obwera kunkhondo amakhala nazo zonse ziwiri. Woti atsimikize ndi katswiri wa za maganizo atacheza nanu maso ndi maso, ine pano ndikungoona kalata. Ndipo mukapita musangonena za khutu zokha ayi, nenani ndi za ngozi, za mnzanu, za maloto, zonse, chifukwa ambiri amabisa mbali imeneyo kenako thandizo limangogunda pambali.

Uphungu wake umayenda bwanji? Njira yomwe kafukufuku amaiikira kumbuyo kwambiri ndi CBT, komwe inu ndi phungu mumakhala pansi nkumasula maganizo omwe amabwera phokoso likayamba. Mwachitsanzo pakati pausiku khutu lati tswiii, mumtima mwati basi ndathera pomwepa, sindidzagonanso. Phungu amakufunsani kuti chiyambireni chaka chatha palibe usiku womwe munagona? Mukawerenga mupeza ulipo, ndithu wambiri. Zimaoneka zazing'ono koma mukazichita sabata ndi sabata thupi limayamba kusiya kunjenjemera. Pali CBT ina yolunjika pa zoopsazo, kawirikawiri masesheni 8 mpaka 12, komwe mumafotokoza za tsiku lija pang'onopang'ono mpaka lisanduke nkhani yakale yopweteka osati chinthu chochitika lero, kenako mumayamba kuyesa kukhala m'galimoto yoima, tsiku lina kaulendo kafupi. Inanso ndi EMDR yomwe anayambitsa Francine Shapiro chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mumakumbukira zoopsazo uku maso akutsatira chala cha phungu uku ndi uku. Pa PTSD imathandiza, pa khutu lenilenilo umboni wake ukadali wochepa. Phungu wodziwa ntchito sakuthamangitsani, amayamba wakuphunzitsani kupuma mofatsa ndi kudzikhazika pansi musanatsegule balalo.

Ndisakunamizeni, uphungu sulonjeza kuti phokoso lizima. Chomwe chimasintha nchoti limasiya kukulamulirani, mutha kuzindikira madzulo kuti aa, lero tsiku lonse sindinaliganizire. Mawu oti mungozolowera aja sanali abodza kwenikweni, kungoti anakupatsani ngati lamulo osakuuzani njira yake, zomwe ine zimandinyansa ndithu.

Thonjelo chotsani. Kukakhala zii phokoso lamkati limamveka kwambiri, ndiye usiku yatsani fani kapena wailesi motsitsa, osati mpaka kuphimbiratu kulirako, kungoti kusakhale kokha. Kutseka makutu sungirani malo aphokoso loopsa ngati pamakina. Mowa wofuna kugonera nawonso ayi, umaononga tulo tomwe mukutifunato.

Simunanene ngati anakuyezani kamvedwe ndi makina kapena anangosuzumira ndi tochi, pemphani akuyezeni chifukwa kuphulika ndi kugunda mutu kumatha kuononga mkatikati mosaoneka, ndipo muwauze mankhwala onse omwe mukumwa, ena ngati kwinini ndi asipulini wochuluka amaliritsa makutu. Kulirako kukakhala kwa khutu limodzi lokha kapena kukugunda motsatira mtima, kakumaneninso ndi dokotala wa makutu. Mukasiya kumva mwadzidzidzi, mukamachita chizungulire champhamvu, kapena maganizo ofuna kudzipha akabwera usiku wina, uzani munthu yemwe muli naye pafupi ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti sabata ithe.