Ma equation a ellipse ndi parabola amachokera kuti? Yankho kwa achemwali a chaka choyamba

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina yemwe ali chaka choyamba ku yunivesite. Funso lake mwachidule linali loti: aphunzitsi angolemba x²/a² + y²/b² = 1 pa bolodi n'kunena kuti iyi ndi ellipse, kenako x² = 4py kuti ndi parabola, nanga zimenezi zikuchokera kuti, kapena ndingoloweza basi mayeso akubwera?

Achemwali, musaloweze. Mukaloweza mudzasokoneza b² ya ellipse ndi ya hyperbola tsiku la mayeso, ine ndinazisokonezapo ndipo ndinatuluka m'holo mutu uli zii. Chilichonse mwa zinthuzi chimayamba ndi chiganizo chimodzi chonena za mtunda, kwinako ndi Pythagoras yemwe uja wa ku sekondale.

Tiyambe ndi mbuzi. Mwakhoma chikhomo pansi, mwamangirira mbuzi ndi chingwe cha mamita 5, ikamadya udzu chingwe chili chokungika imasiya bwalo lozungulira. Chikhomo chikhale pa (0, 0), mbuzi pa (x, y), mtunda wake ndi √(x² + y²) = 5, mukasikweya mbali zonse mwapeza x² + y² = 25. Circle yatha, palibenso china.

Tsopano khomani zikhomo ziwiri zotalikirana mamita 6, tengani chingwe cha mamita 10 mumange mbali imodzi pa chikhomo ichi ina pa chinacho, ndiye mbuzi muyikolowetse ndi mphete yoti izitsetsereka pa chingwepo. Kulikonse komwe ingafike chingwe chitakungika, mtunda wopita ku chikhomo choyamba kuphatikiza wopita ku chachiwiri ndi 10 nthawi zonse. Malire a udzu womwe yadyawo ndiye ellipse, ndipo zikhomo zija ndi zomwe buku lanu likuzitcha focus. Tiike zikhomo pa (−c, 0) ndi (c, 0), chingwe tichitche 2a:

√((x + c)² + y²) + √((x − c)² + y²) = 2a

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera m'mbuna, amasikweya pomwepo ma root onse ali mbali imodzi, ndiye mumatuluka chinthu chachitali chodzadza peji yonse moti mpaka mumayamba kukayikira ngati munasankha bwino kosi. Musatero. Samutsani root imodzi ipite kumanja kaye, kenako sikweyani. Ma x², ma y² ndi ma c² adyana okhaokha, mutsala ndi 4cx = 4a² − 4a√((x − c)² + y²). Gawani ndi 4, root ikhale yokha:

a√((x − c)² + y²) = a² − cx

Sikweyaninso kachiwiri, muona −2a²cx ali mbali zonse, achoke, mutsala ndi (a² − c²)x² + a²y² = a²(a² − c²). Nayenso a² − c² tangomupatsa dzina lalifupi, b², kuti tisamavutike kumulemba. Gawani zonse ndi a²b² ndiye equation ya aphunzitsi anu ija yatulukira yokha. Ku mbuzi yathu a = 5, c = 3, choncho b² = 25 − 9 = 16. Ndipo b ameneyu mukhoza kumuona ndi maso: mbuzi ikaima pakati penipeni pa chingwe chokungika, chingwecho chimagawika 5 uku 5 uku, pansi pali 3, msinkhu ndi 4, katirayango kaja ka 3, 4, 5 kabweranso.

Hyperbola sindiitayira nthawi, masitepe ake ndi omwewa, kungoti m'malo mophatikiza mitunda iwiriyo mumachotsera. Kusiyana kwa mitundako, 2a, sikungapose mtunda wa pakati pa zikhomo, 2c, ndiye c amakula kuposa a, a² − c² amakhala negative, n'chifukwa chake timati b² = c² − a² ndipo pakati pamabwera minus. Nkhani yonse ya chisokonezo changa chija inali imeneyi basi.

Parabola ndiye yophweka kuposa zonse. Chikhomo ndi chimodzi, pa (0, p), ndipo pali mzere wowongoka y = −p, directrix. Lamulo: mtunda wopita ku chikhomo ufanane ndi wopita ku mzere. √(x² + (y − p)²) = y + p. Sikweyani kamodzi kokha, y² ndi p² achoka, mwatsala ndi x² = 4py. Mukatuluka panja yang'anani dishi ya DStv padenga la aneba, mbale ija ndi chidutswa cha parabola yozunguliridwa, ndipo kamutu kali kumapeto kwa mkono kaja anakaika pa focus, chifukwa siginolo yochokera ku setilaiti ikagunda mbale yonse imanjanjira pamenepo. Mwana akapinda mkonowo ndi mpira, chithunzi chimathawa.

Munafunsanso mwapambali kuti nanga poti zinthuzi amazitcha ma conic section, kutanthauza zodulidwa ku cone, cone ikubwera pati poti mu equation simukuoneka. Magetsi akazima usiku tengani tochi muunike pakhoma. Kuwala kumatuluka ngati cone, khoma ndiye mpeni ukuidula. Mukalunjika bwinobwino ndi circle, mukapendeketsa pang'ono yatalika kukhala ellipse, mukapitiriza mbali imodzi imatseguka osatsekanso, pamenepo mwadutsa parabola mwalowa hyperbola. Agiriki ankaziona choncho, Apollonius wa ku Perga ndi amene anazipatsa mayina atatuwa cha m'ma 200 Yesu asanabadwe, alibe x kapena y, zonse ankafotokoza ndi mawu ndi zojambula. Njira ya ma x ndi y yomwe tagwiritsa apayi inafala katswiri wa masamu Descartes atatulutsa buku lake mu 1637, katswiri wa zakuthambo Kepler atanena kale mu 1609 kuti Mars amayenda mu ellipse dzuwa lili pa focus imodzi.

Koma umboni woti ellipse ya tochi ndi ellipse ya mbuzi ndi chinthu chimodzi, wokongola kwambiri ndi wa katswiri wa masamu Dandelin wa mu 1822. Amaika mipira iwiri m'kati mwa cone, waung'ono pamwamba pa podulidwapo waukulu pansi, uliwonse ukukhudza makoma a cone komanso malo odulidwawo. Pomwe mipira iwiriyo yakhudza podulidwapo ndi pomwe pali zikhomo zathu zija. Imeneyo imafuna chojambula, ndiijambula kaye papepala ndidzakutumizirani pa imelo, pakadali pano yesani nokha hyperbola ndi a = 3, c = 5 muone ngati mupeze x²/9 − y²/16 = 1.