Funsani Tiyankhe: Mapu olosera mkuntho, mvula ndi chipale chofewa tiziwawerenga motani?

M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene kwathu kuno mvula imakhala ili pachimake, abale athu okhala ku Ulaya ndi ku America amakhala ali pakati pa nyengo yozizira, ndipo a ku South Africa yawo imawapeza kuyambira Juni. Makalata angapo amene talandira akufunsa za mapu amitundumitundu olosera zanyengo amene masiku ano aliyense amatha kuwaona pa foni.

Akonzi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo ndipo ndimayenda pa galimoto. Ndinaona mapu pa Facebook osonyeza kuti pakatha masiku khumi kudzagwa chipale chofewa chambiri, koma mawa lake mapuwo anali atasintha, ndipo tsikulo litafika kunangowaza kamvula. Kodi anthu amenewa amanama? (Mayi wa ku Leeds)

Mayi, mapu amene munaonawo sanajambulidwe ndi katswiri amene anakhala pansi n'kuganiza. Anatuluka m'kompyuta imene imayendetsa modelo, kutanthauza masamu ochuluka otsanzira kayendedwe ka mpweya. Kompyutayo imagawa mlengalenga wonse m'timabokosi, n'kupatsa kabokosi kalikonse kutentha, chinyezi, mphepo ndi kulemera kwa mpweya monga momwe zayezedwera ndi masetilaiti, ndege, zombo ndi mabaluni, kenako n'kuwerengera mmene zinthuzo zisinthire mphindi zingapo zikubwerazi, n'kupitiriza choncho mpaka masiku ambiri. Maganizo ameneŵa anawalemba ndi Lewis Fry Richardson wa ku England mu 1922, koma anayamba kutheka mu 1950 pamene kompyuta ya ENIAC ku America inachita ulosi woyamba wa mtunduwu.

Mamodelo amene amatchulidwa kwambiri ndi aŵiri. Ya GFS ndi ya boma la America, imayendetsedwa kanayi pa tsiku ndipo imafika mpaka masiku 16 kutsogolo. Ya ECMWF ndi ya bungwe la mayiko a ku Ulaya limene linakhazikitsidwa mu 1975, lomwe likulu lake lili ku Reading ku England. Pakona ya mapu mumapeza zilembo monga 00Z, 06Z, 12Z kapena 18Z, zosonyeza ola limene kuwerengerako kunayambira pa nthawi ya padziko lonse, imene m'nyengo yozizira imafanana ndi nthawi ya ku Britain, pamene ku Malawi ndi ku South Africa mumawonjezerapo maola aŵiri. Pambali pake pamakhala nambala monga +240, kutanthauza maola 240 kutsogolo, omwe ndi masiku khumi. Nambala imeneyi ndiyo yoyamba kuiyang'ana, ndipo ofalitsa mapu oopseza nthawi zambiri saitchula n'komwe.

Chifukwa chimene nambalayi ili yofunika chili m'zimene katswiri wa zanyengo wa ku America, Edward Lorenz, anasonyeza mu 1963: kuphonya pang'ono chabe pa muyeso woyambira kumakula tsiku ndi tsiku mpaka ulosi wonse kusokonekera. Palibe amene angayeze mpweya wonse wa pamwamba pa nyanja ya Atlantic mosaphonya, ndipo mikuntho ya ku Britain imachokera komweko. N'chifukwa chake ulosi wa tsiku limodzi kufika atatu umakhala wodalirika ndithu, wa masiku anayi kufika asanu ndi aŵiri umangosonyeza kumene zinthu zikuloŵera, pamene wa masiku khumi sungakuuzeni zimene zidzachitike mumsewu wanu.

Akatswiri amadziŵa zimenezi, motero kuyambira mu 1992 amayendetsa modelo imodzimodziyo kambirimbiri, ulendo uliwonse atasintha pang'ono miyeso yoyambira. Gulu la maulosi limeneli amalitcha ensemble, ndipo la ECMWF lili ndi maulosi 51. Ngati mwa 51 amenewo, 40 akusonyeza chipale chofewa m'dera lanu la Yorkshire Lachinayi, konzekani. Ngati akusonyeza ndi atatu okha, ndiye kuti mapu amene akufalitsidwawo mwina ndi mmodzi mwa atatuwo, amene wina anamusankha chifukwa ndi woopsa kuposa anzake. Pa magirafu a ensemble mumaona mizere yambiri imene imayambira pamodzi n'kumabalalika masiku akamapita. Pamene mizereyo yayamba kubalalika kwambiri, m'pamene chidziŵitso chenicheni chathera. Njira ina yosavuta kwa inu ndi kuona ngati nkhani yomweyo ikubwerezedwa pa maulendo anayi kapena asanu otsatizana, komanso ngati mamodelo osiyana akugwirizana. Mapu ongotulukira kamodzi n'kusoŵa sayenera kukusinthitsani ndondomeko ya ntchito.

Ndimayendetsa thiraki pakati pa Durban ndi Johannesburg. N'chifukwa chiyani olosera amakhoza za mvula koma za chipale chofewa amaphonya kaŵirikaŵiri? (Bambo wa ku Germiston)

Bambo, funso lanu lakhudza mbali yovuta kwambiri pa ntchito yolosera. Modelo ikaphonya kutentha ndi digiri imodzi tsiku la mvula wamba, palibe amene amazindikira. Koma kutentha kukakhala pafupi ndi ziro, digiri imodzi yomweyo ndi imene imasiyanitsa msewu wonyowa ndi msewu wotsekeka. Kuwonjezera apo, chipale chofewa chimafufuma: mwachizoloŵezi, madzi okwana mamilimita 10 akagwa ngati chipale amapanga masentimita pafupifupi 10. Mapu ambiri a pa intaneti amangochulukitsa ndi khumi paliponse pamene modelo yati kukuzizira, osaganizira kuti nthaka ikhoza kukhala yofunda n'kusungunula chipalecho chikangogwa, kapena kuti chikhoza kugwa chosakanikirana ndi mvula. Manambala a mapu otere amakhala okokomeza kaŵirikaŵiri.

Kwa inu woyenda mumsewu wa N3, chofunika kwambiri ndi kukwera kwa malo. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, motero mvula imene ikugwa ku Pietermaritzburg ikhoza kukhala chipale chofewa pa Van Reenen's Pass, pamene pali pamwamba kupitirira mamita 1,600. Zimenezi n'zimene zinachitika mu Seputembala 2024, pamene magalimoto ambiri anagona pamsewu umenewu usiku wonse atatsekeredwa. Musamayang'ane ulosi wa kumene mukunyamukira ndi kumene mukupita kokha ayi. Yang'anani wa malo okwera kwambiri a panjira, monga Harrismith ndi Mooi River. Mayi wa ku Leeds uja nayenso adziŵe kuti msewu wa M62 umakwera mpaka mamita 372 podutsa mapiri a Pennines, ndipo kumeneko kumagwa chipale pamene mumzinda mukugwa mvula.

Mukamva a South African Weather Service, bungwe loona zanyengo la m'dziko mukukhalamo, akutchula cut-off low, tcherani khutu. Limeneli ndi thumba la mpweya wozizira la m'mwamba limene lapatuka pa mphepo zazikulu zochokera kumadzulo n'kumazungulira palokha, ndipo chifukwa limayenda pang'onopang'ono, limakhuthula mvula kapena chipale pamalo amodzi kwa nthawi yaitali. Ndi limene linabweretsa madzi osefukira ku Durban mu Epulo 2022, pamene anthu opitirira 400 anamwalira. Mamodelo amavutika kudziŵa pamene thumbali likaime, choncho mapu akasonyeza kuti choopsacho chili pa makilomita 100 kuchokera pamsewu wanu, musadzione ngati mwapulumuka.

Anzanga kusukulu amati modelo ya ku Ulaya ndiyo yabwino, ya ku America ndi yachabechabe. Ndi zoona? (Wophunzira wa ku New Jersey)

Tikatenga maulosi onse a chaka chathunthu, ya ECMWF yakhala ikuposa ya GFS kwa zaka zambiri, ndipo mbiri yake inakula mu Okutobala 2012 pamene inaoneratu pafupifupi sabata yathunthu kuti namondwe Sandy akhotera kumtunda n'kugunda dera limene mukukhalalo, pamene GFS inkamuloza kunyanja. Koma anzanuwo akumbutseni za Januwale 2015. Nthawi imeneyo ECMWF inasonyeza kuti mzinda wa New York ukwiririka, akuluakulu anaimitsa sitima za pansi panthaka ndi kutseka misewu, koma ku Central Park, mumzinda momwemo, kunagwa masentimita pafupifupi 25 okha, chifukwa mkuntho unadutsa chakum'maŵa pang'ono n'kukakwirira Long Island ndi Boston. Ya GFS ndiyo inayandikira zoona. Palibe modelo yopambana tsiku lililonse, ndipo mapulogalamu monga Windy amakulolani kuziyerekeza zingapo, kuphatikizapo ya ICON ya ku Germany.

Kodi mizere yozungulira ya pa mapu, mamilimita a mvula ndi machenjezo achikasu ndi ofiira zimatanthauza chiyani? Ndangofika kumene kuno. (Bambo wa ku Glasgow)

Mizereyo imalumikiza malo amene mpweya ukulemera mofanana, pa muyeso wa hPa. Pafupi ndi nyanja mpweya umalemera pafupifupi 1013 hPa, ndipo pakatikati pa mkuntho nambalayi imatsika kwambiri. Mizere ikathinana, mphepo imakhala yamphamvu. Nambala ya pakatiyo ikatsika ndi 24 hPa kapena kuposerapo m'maola 24, mkunthowo ukukula mofulumira moopsa. Pa za mphepo, yang'anani liŵiro la mphepo yoomba modzidzimutsa, osati lapakatikati, pakuti ndiyo imagwetsa mitengo ndi kusasula madenga. Pa mkuntho wa Eunice, pa 18 Febuluwale 2022, mphepo yotere inafika mamailosi 122 pa ola ku The Needles pa chilumba cha Isle of Wight. Kumbukiraninso kuti ku Britain amayeza mphepo m'mamailosi pamene mapulogalamu ambiri amalemba m'makilomita.

Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Nambalayo payokha sikwanira: onani ngati ikunena za ola limodzi, maola 6 kapena 24, ndipo ganizirani ngati nthaka yakhuta kale madzi. Mapiri amawonjezera mvula kwambiri ku mbali yoyang'ana mphepo, monga zinachitikira pa mkuntho wa Desmond mu Disembala 2015, pamene ku Honister Pass ku Cumbria kunagwa mamilimita 341.4 m'maola 24.

Machenjezo a Met Office, bungwe loona zanyengo la ku Britain, ndi osiyana ndi mapu a modelo, ndipo ife tikuona kuti ndiwo oyenera kuwatsatira posankha zochita. Amalembedwa ndi akatswiri amene aona mamodelo angapo, kuphatikizapo yawoyawo ya timabokosi ta makilomita 1.5, ndipo mtundu wa chenjezo umachokera pa zinthu ziŵiri: kukula kwa chiwonongeko chimene chingachitike ndi mwayi woti chichitikedi. Chenjezo lachikasu likhoza kutanthauza vuto laling'ono limene likubweradi, kapena vuto lalikulu limene silinatsimikizike, choncho muziŵerenga mawu ake onse. La amber, la mtundu wa lalanje, limatanthauza kuti muganizire zosintha ulendo, ndipo lofiira limatanthauza kuti miyoyo ili pangozi, monga linaperekedwera kwanuko pa 28 Febuluwale 2018, tsiku limene oyendetsa magalimoto ambiri anagona mu msewu wa M80, komanso pa mkuntho wa Éowyn pa 24 Januwale 2025.

Nanga ife akumudzi kuno, mapu ameneŵa angatithandize pa chiperoni ndi mphepo ya mwera? (Mayi wa ku Thyolo)

Angakuthandizeni, Mayi, pakuti GFS ndi ECMWF zimaŵerengera dziko lonse lapansi, ndipo mpweya wozizira wachinyezi umene umabweretsa chiperoni kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umakankhidwa kuchokera kunyanja ya India ndi mpweya wolemera wodutsa kum'mwera kwa Africa, chinthu chachikulu chimene mamodelo amachiona patatsala masiku angapo. Kufooka kwake kuli pa zing'onozing'ono. Timabokosi ta ECMWF ndi ta makilomita pafupifupi 9, ndipo monga khoka la maso akuluakulu limapulumutsa usipa, modelo yotere imalephera kugwira bwino zigwa ndi zitunda za Thyolo ndi Mulanje, kapena mvula ya mabingu imene imagwa m'mudzi umodzi n'kusiya woyandikana nawo. Ikhoza kukuuzani kuti Loweruka kudzazizira ndipo panyanja padzakhala mwera, koma singakuuzeni molondola kuti nkhungu idzafika pamunda panu nthawi yanji. Pa zimenezo, komanso pa anamondwe a m'nyengo ya mvula monga Freddy wa mu Malichi 2023, muzitsatira uthenga wa Dipatimenti yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo ya ku Blantyre, umene umaulutsidwa pa wailesi m'Chichewa ndipo umatchula maboma ndi magombe a nyanja amene akhudzidwe.