Hijabu kumutu, nyimbo m'makutu: yankho kwa mng'ono wanga wa ku Ulónguè

Assalamu alaikum, abale ndi alongo.

Sabata yatha ndinalandira imelo imene ndinaiwerenga katatu ndisanayambe kuyankha. Yachokera kwa mtsikana wa zaka 21, kwawo ndi ku Ulónguè, m'boma la Angónia, koma pano akuphunzira mumzinda wa Tete. Wandilola kuiika pano bola dzina ndibise. Mwachidule akuti:

"Achemwali, ndinayamba kuvala hijabu pa Ramadhani ya chaka chatha, popanda wondikakamiza. Koma ndimakonda nyimbo, moti nthawi zambiri ndimayenda ndi mahedifoni kunsi kwa mpango. Mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku madrasa atawaona anati ndine chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Winanso akuti madiresi anga a kapulana (chitenje) si hijabu chifukwa ndi owala, ndizivala abaya yakuda, mkanjo wautali wofunda thupi lonse, koma kuno dzuwa lake ndi loopsa. Mwezi wamawa mwana wa amalume akukwatiwa, iwo ndi Akhristu, ndipo kudzakhala zoimbaimba. Kodi ndivule kaye hijabu mpaka nditakwanitsa kusiya nyimbo, kuti ndisakhale munafiki?"

Mng'ono wanga, ndiyambira kumapeto kwa kalata yako chifukwa ndi pamene pandigwira mtima. Usavule. Hijabu ndi ibada, kutanthauza ntchito yopembedza Allah, ndipo ili payokha, monga swala (mapemphero athu a tsiku ndi tsiku) ilili payokha, kusala kulinso pakokha. Munthu sasiya kusala Ramadhani chifukwa choti lilime lake silinaleke miseche. Amasala, uku akulimbana ndi lilimelo. Mpango wavalawo si chikalata chosonyeza kuti Chisilamu wachimaliza. Ndipo mawu oti munafiki ndi olemera, tisamawaponye chisawawa. Kumayambiriro kwa Surat Al-Baqarah, Qur'an ikumulongosola munafiki kuti ndi munthu amene pakamwa amati wakhulupirira pamene mumtima mulibe kanthu. Iwe ukusowa tulo poopa kuti mwina walakwira Allah. Mtima wopanda imani, chikhulupiriro, suchita mantha otere.

Ndikudziwa chifukwa chake mawu a mnzakoyo akubaya chonchi. Kalembera wa 2017 anapeza kuti Asilamu m'Mozambique muno ndi pafupifupi 19 pa anthu 100 alionse, koma ambiri ali kumpoto, ku Nampula, Cabo Delgado ndi Niassa. Kwathu kuno tilipo ochepa. Ku Ulónguè mtsikana wa hijabu amaonekera patali mumsika, pakati pa matumba a mbatata ya kachewere, ndipo chilichonse achite anthu amati ndi mmene Asilamu amachitira. Chiyambireni ziwembu za ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, enanso amatiponyera mawu opweteka ngati kuti ifeyo ndiye tinatuma zigawengazo. Ndiye kunja akukuyang'ana, kumzikiti akukuyang'ananso, iwe pakati. Katundu ameneyu ndi wolemera kwa mwana wa zaka 21, ndipo amene tinayamba kumusenza tiyenera kukupepuza, osati kukusanjikizira wina.

Tsopano za zovala. Mu Surat An-Nur, ndime 31, akazi okhulupirira akulamulidwa kutsitsa mipango yawo mpaka pachifuwa ndi kusaonetsa zodzikongoletsera kupatula zoonekera zokha. (Ndime 30, yomwe yatsogola, ikulamula amuna kutsitsa maso awo. Abale athu ena amaidumpha akamatilalikira.) Mu Surat Al-Ahzab, ndime 59, mukutchulidwa chovala chapamwamba chofunda thupi. Kuchokera pamenepa ndi m'mahadisi (nkhani za zimene Mtumiki Muhammad ananena ndi kuchita), maulama ambiri, akatswiri a chipembedzo, anati chovala cha mkazi chibise thupi lonse kupatula nkhope ndi manja, chisakhale choonekera mkati, chisathine mpaka kujambula thupi. Mtundu wakuda suli pa mndandanda umenewu. Abaya yakuda ndi kavalidwe ka maiko a Arabu a ku Gulf, ndi kabwino, ine ndili nazo ziwiri, koma si yokhayo imene Allah amalandira.

Muli nkhani ina m'buku la mahadisi la Bukhari imene ndimaikonda kwambiri. Mtumiki (SAW) anapatsidwa zovala, ndipo pakati pake panali kansalu kokhala ndi maluwa obiriwira kapena achikasu. Anaitanitsa kamtsikana kotchedwa Umm Khalid, kamene kanabadwira ku Abyssinia, kuno ku Africa, n'kukaveka ndi manja ake, akuloza maluwawo n'kumati "sanah, sanah", kutanthauza kuti chokongola m'chilankhulo cha kumene kanabadwirako. Ndikamasankha kapulana pamsika ndimakumbukira zimenezi. Komanso taona amayi a ku Ilha de Moçambique, kumene Chisilamu chinafika zaka mazana ambiri zapitazo: kapulana m'chiuno, ina paphewa, mpango kumutu, zonse zowala. Palibe amene angatiuze kuti amayi amenewa akhala akudikira abaya kuti akhale Asilamu.

Vuto lako lenileni ndi nsalu. Kwanu ku Angónia n'kumtunda, mu Juni ndi Julayi munthu umafuna juzi pamwamba pa diresi. Tete ali m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Abaya zambiri zotsika mtengo ndi za poliyesitala, nsalu yosapuma. Ukaivala masana kuno uli ngati wadzikulunga m'jumbo, ndipo posakhalitsa khosi limatuluka totupa toyabwa. Funa nsalu ya thonje. Kuti uidziwe, pempha wogulitsa kaulusi kamodzi ka m'mphepete, ukayatse ndi machesi: thonje limapsa n'kusanduka phulusa, fungo lake ngati pepala, pamene poliyesitala imasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Usanalipire, itambasule nsaluyo padzuwa, uike dzanja kuseri. Ukaona zala zonse bwinobwino, isiye kapena konzeka kuikira ina mkati. Makapulana awiri amakwana diresi lalitali la manja aatali. Uwachape kaye asanapite kwa telala kuti afupikiretu, ndipo umuuze telalayo mosabisa kuti ukufuna lotaya, chifukwa ambiri anazolowera kusoka zogwira m'chiuno. Pa kaunjika pamapezeka malaya aatali a thonje amene amakhala bwino pamwamba pa siketi. Mpango ukhale wopepuka koma waukulu wofika pachifuwa, ndipo tsitsi usalimange likadali lonyowa.

Nkhani ya nyimbo ndiyo yaitali, ndipo sindikufuna kukunamiza kuti ndi yophweka. Fatwa, chigamulo cha chipembedzo, ndi ntchito ya mashehe. Ine ndikuyalira zimene maulama ananena kuti ukamakafunsa udziwe pofunsa.

Maulama ambiri a mamazihabu anayi (njira zinayi zotanthauzira malamulo a Chisilamu), kuphatikizapo ya Imam Shafi'i imene Asilamu ambiri a chigawo chino cha Africa amatsatira, analetsa zida zoimbira monga za zingwe ndi zitoliro. Umboni wawo waukulu ndi hadisi ya mu Bukhari yonena kuti kudzabwera anthu amene adzayese chiwerewere, silika, mowa ndi zida zoimbira kukhala zololedwa. Amatchulanso Surat Luqman, ndime 6, yonena za ogula nkhani zopanda pake kuti asokeretse anthu, zimene swahaba (mnzake wa Mtumiki) Ibn Mas'ud anati ndi kuimba. Awa si mawu oti tingawakankhire kumbali chifukwa choti sakutikomera.

Koma mu Bukhari momwemo muli nkhani ya Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki, pa tsiku la Idi. Atsikana awiri ankaimba m'nyumba mwake, Mtumiki (SAW) atagona chapomwepo. Abu Bakr, bambo ake a Mayi Aisha, atalowa anawakalipira, koma Mtumiki anati awasiye, pakuti mtundu uliwonse uli ndi chikondwerero chake ndipo limeneli ndi tsiku la Idi yathu. Tsiku linanso, Mayi Aisha ataperekeza mkwatibwi kwa mwamuna wa Chiansari (Aansari anali Asilamu eni mzinda wa Madina), Mtumiki anafunsa ngati kunalibe zosangalatsa, popeza Aansari amazikonda. N'chifukwa chake kang'oma kaphanthiphanthi kotchedwa dufu n'kololedwa pa ukwati ndi pa Idi. Gule wa tufo wa amayi a ku Nampula dzina lake linachokera ku kang'oma komweka. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analemba motalika kuti mawu okoma paokha si haramu (choletsedwa), chimene chimaipitsa ndi zonenedwazo, malo ake ndi zimene akudzutsa mumtima mwa womvera, ngakhale iyenso analetsa zida zina chifukwa zinali chizindikiro cha mabwalo a mowa. Ibn Hazm wa ku Andalusia, amene anamwalira mu 1064, anapita patsogolo n'kunena kuti zida nazo n'zololedwa, ndipo m'nthawi yathu ino Shehe Yusuf al-Qaradawi analoleza nyimbo pokhapokha mawu ndi malo ake zili zoyera.

Pali pamene onsewa amakumana. Nyimbo yotamanda mowa, yotukwana, yovula mkazi ndi mawu, kapena yochedwetsa swala, palibe mwa iwo amene anailoleza. Ine ndikanakonda uyambire pamenepo, chifukwa ntchito ilipo kale yambiri. Tsegula foni yako, uone nyimbo imodziimodzi. Zambiri zimene timavina kuno, kaya ndi amapiano a ku South Africa, kizomba, pandza kapena za ku Malawi zimene zimalowera pa Zóbuè ndi pa Calómuè, zili m'zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo timaziimba osadziwa chimene tikunena. Funa tanthauzo lake. Ukapeza kuti mawuwo sungawanene m'Chichewa pamaso pa amayi ako, ifufute.

Ndikuuze zimene zinandichitikira ine. Ndili msinkhu wakowo ndinkagwira ntchito m'sitolo ina ku Moatize, momwe wailesi inkalira kuyambira potsegula mpaka potseka. Madzulo ena ndikuswali Maghrib, swala ya dzuwa litalowa, ndili pakati pa Fatiha, sura yoyamba ya Qur'an, ndinazindikira kuti lilime likuwerenga koma mutu ukuimba kolasi ya nyimbo ina, chala chakuphazi chikugunda mkeka motsatira ng'oma yake. Ndinapereka salamu ndisakudziwa ngati ndaswali marakaa (zigawo za swala) awiri kapena atatu. Ndinakhala pamkekapo n'kulira. Palibe shehe anandikalipira tsiku limenelo, ndinadzionera ndekha kuti chimene chimalowa m'khutu tsiku lonse chimakutsata mpaka pa sijida, chipumi chili pansi. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo loti pakatsala theka la ola kuti nthawi ya swala ikwane, m'makutu mwanga musakhale kanthu. Kenako ndinayamba kumvera Qur'an m'mawa ndikamasesa, n'kuonjeza makaswida ndi manashidi, nyimbo za Chisilamu, a mawu okha kapena a dufu. Patapita zaka ndinapezeka kuti nyimbo za zida ndazisiya pafupifupi zonse, ndipo lero ndimaona kuti njira ya maulama ambiri ija ndiyo imandipatsa mtendere. Koma sizinachitike tsiku limodzi, ndipo nthawi yonseyo mpango unali kumutu. Ndikanauvula podikira kuti ndiyere kaye, sindikhulupirira kuti ndikanabwereranso.

Za nyimbo za mu chapa (minibasi) usadandaule nazo. Ukakwera pa Tete kupita ku Matundo, sipika ili kunsi kwa mpando wako, mukuwoloka mlatho wa Samora Machel mawindo akunjenjemera, iwe sunasankhe zimenezo. Maulama amasiyanitsa kumva ndi kumvetsera: choyamba chimakupeza, chachiwiri umachifuna wekha. Chimodzi chokha ndikupempha, mahedifoni uziwachotsa powoloka msewu. Mpango umabisa kale mbali ya maso, ndipo malole a malasha ndi matxopela (njinga zamoto za matayala atatu zonyamula anthu) a mumzinda uno sadikira munthu.

Mnzako wa ku madrasa uja usamude. Mwina ananena moipa chinthu chimene amachiopa moona. Ukakumana naye umuuze kuti mawu ake anakupweteka, ndipo umufunse ngati angakonde kuti muzikumana Lachisanu masana kuwerengera limodzi Surat Al-Kahf. Ukafuna kufunsa shehe, pita ndi funso lolunjika: nyimbo yakuti, mawu ake ndi awa, ndimaimvera nthawi yakuti. Funso lotere limabweretsa yankho lokuthandiza kuposa kungofunsa kuti nyimbo ndi haramu kapena ayi.

Ku ukwati pita. Amalume ndi amalume, ndipo kusunga chibale ndi lamulo la chipembedzo chathu ngakhale abalewo si Asilamu. Kwathu kuno banja limodzi limakhala ndi wa ku Katolika, wa ku mzikiti ndi wa ku dambwe, onse n'kudyera mbale imodzi pa maliro ndi pa ukwati. Ngati banja lasankha kapulana ya yunifolomu, gula yomweyo, usoketse diresi lako lalitali, mpango utenge mtundu umodzi wa maluwa ake. Fika dzulo lake, ukathandize azakhali kusenda mbatata ndi kutsuka miphika, chifukwa anthu amakumbukira amene anagwira ntchito kuposa amene anavina. Nkhuku ukhoza kupempha kuti azinge Msilamu, mabanja ambiri amavomera mosavuta. Pa perekaniperekani yenda ndi amayi anzako, ukaponye mameticais ako m'lichero, umukumbatire mkwatibwi. Amalume uwauziretu mwaulemu kuti mowa ukayamba kutuluka ndi magule a usiku, iwe udzatsanzika, kuti asadzaone ngati wanyanyala. M'chikwama usaiwale kapulana yoyera bwino yoti ukayale kuseri kwa nyumba nthawi ya swala ya Asr ikakwana, ndipo upemphe msuweni wako mmodzi akakuimirire pakhomo mpaka upereke salamu.

Ukabwerako undilembere, ndikufuna ndidzamve mmene zinayendera, ndi mtundu wa kapulana imene anasankha.

Wassalamu alaikum.