Makonirodi a forged pa injini yopanda turbo: kodi ndi ofunikadi?

Mwerengi wina wanditumizira imelo sabata ino. Ali ndi injini ya masilinda anayi yopanda turbo, waimasula kale kuti asinthe maring'i ndi mabering'i, ndipo akufuna kuikamo kamushafiti yaukali, yotsegula mavalavu kwambiri ndi kwa nthawi yotalikirapo. Akufunsa kuti: "Poti injini ili poyera kale, ndigulire limodzi makonirodi a forged kuti ikhale ndi mphamvu zochuluka?"

Achimwene, yankho lagona pa nambala imodzi imene simunailembe: mukufuna injiniyo izizungulira mpaka ma rpm angati, kutanthauza kangati pa mphindi imodzi? Ngati simudutsa malire amene fakitale inaika, makonirodi amene muli nawowo akukwanirani. Konirodi siibereka mphamvu. Yake n'kulumikiza pisitoni ndi kiranki, n'kupirira. A forged ndi aja osulidwa popanikiza chitsulo mwamphamvu kuti akhale olimba.

Ambiri amaganiza kuti konirodi imazunzika kwambiri pamene mafuta ayaka n'kukankhira pisitoni pansi. Pa injini ya turbo n'zoona, ndipo kumeneko makonirodi amapindika ngati uta. Koma pa injini yokoka yokha mpweya, nthawi yoopsa ndi ina. Pisitoni ikamakwera kukatulutsa utsi, valavu imakhala yotsegula, ndiye pamwamba palibe choibweza. Pisitoniyo imafuna kupitirira ulendo, pomwe kiranki yakhota kale kulowera pansi, choncho konirodi imakokedwa ngati chingwe. Kukokedwaku sikukula mofanana ndi liwiro ayi. Ma rpm akawirikiza kawiri, mtolo umawirikiza kanayi. Kuchoka pa 6,000 kufika pa 8,000, mwaonjezera mtolo ndi pafupifupi 78 peresenti, pisitoni ili yomweyo.

Nanga amene amasenza mtolo wonsewu ndani? Mabawuti awiri okha ogwira kapu ya konirodi, chigawo chija chotsekera mbali yogwira kiranki. Apa ndi pamene ndimachonderera aliyense kuti aikepo mtima. Pa injini zambiri zongokwezedwa pang'ono, mabawuti olimba ngati a kampani ya ARP, oikidwa pa makonirodi akale omwewo, amathetsa nkhawa yaikulu. Koma kumanga kwake kusakhale kongoyerekeza. Bawuti imagwira bwino ikatamuka mlingo wake, ndipo njira yodalirika ndi kuyeza kutamukako ndi stretch gauge. Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, imatha kunama malinga ndi mafuta amene mwapaka pa mazinga. Mukasintha mabawuti, pititsani makonirodiwo kwa odziwa makina akayeze bowo lalikulu, chifukwa kukanikiza kwatsopano kumatha kulipotoza pang'ono, ndipo bering'i silimba m'bowo losabulungira. Samalaninso ngati makonirodi anu ali a mtundu wa chitsulo chaufa, aja kapu yake inachita kuthyoledwa ku fakitale: nkhope zake zokakala sizipalidwa, ndipo kapu iliyonse imabwerera pa konirodi yake yokha.

Pali chinanso chimene chimandiwawa, chifukwa chimapha injini zambiri kuposa kufooka kwa chitsulo. Ndinagwirapo m'manja konirodi imene inaboola buloko n'kutulukira kunja. Mwini wake ankati inali yofooka. Nditaitembenuza, mbali yogwira kiranki inali yabuluu ndi yakuda chifukwa cha kutentha, ndipo bering'i inali itasanduka tizidutswa topyapyala ngati mamba a nsomba m'sampu, mosungira oyilo kunsi kwa injini. Konirodi imeneyo inafa ndi ludzu la oyilo. Pokhota mwaliwiro oyilo amathamangira mbali imodzi, pampu imayamwa mpweya, bering'i imazungulira m'malo mwake, injini yanoka. Ngakhale konirodi ya forged ikanathera pomwepo. Choncho yezani mpata wa mabering'i, osachepera ndi Plastigauge, kaulusi ka pulasitiki koyezera mpatawo, onani pampu ya oyilo, ndipo ngati mudzathamangitsa galimoto pa bwalo la mpikisano, ikani zotchinga m'sampu.

Pamene makonirodi atsopano ali ofunikadi ndi pomwe mukudutsa kwambiri malire a fakitale, kutalikitsa sitiroko (mtunda umene pisitoni imayenda), kapena kuika nitrous (gasi woonjezera mphamvu ya injini). Zikatero fufuzani a chitsulo cholimba cha mtundu wa 4340. Mkangano wa H-beam ndi I-beam, maonekedwe awiri a thunthu la konirodi, usakutayitseni tulo. Pa injini ngati yanuyi chachikulu ndi kulemera, chifukwa makonirodi ena opangira turbo amalemera kuposa a fakitale. Pisitoni yopepuka nayo imapeputsa mtolo wa konirodi nthawi yomweyo. A aluminiyamu asiyireni a mipikisano yaifupi, amatopa msanga pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku. Musanagule, tsimikizani utali wake, kukula kwa pini ya pisitoni, komanso ngati piniyo ili yokhomera kapena yoyandama, kenako zonse zozungulira zikapimidwe pamodzi kuti zilingane kulemera.

Kumbukirani kuti injini ya F20C ya mu Honda S2000 ya 1999 inkafika 9,000 rpm ndi sitiroko ya mamilimita 84, koma inatero chifukwa zonse, kuyambira mavalavu mpaka oyilo, zinakonzedwera liwiro limenelo. Pa injini yanu, masipuling'i a mavalavu angathe kugonja konirodi isanamve kalikonse, makamaka ndi kamushafiti mukuiganizirayo.

Ndilembereninso, mundiuze mtundu wa injini, ma rpm amene kamushafitiyo imafuna, ndi kulemera kwa mapisitoni anu. Tikatero tiona limodzi ngati mabawuti okha akukwana.