Funsani Dokotala: jakisoni wa kawiri pachaka uja ndi katemera wa Edzi?

FUNSO: Adokotala, pa gulu lathu la WhatsApp akuti katemera wa Edzi wapezeka, ati ukabayitsa kawiri pachaka basi kachilombo sikakugwira. Amuna anga ali ku Joni amabwera pa Khrisimasi pokha ndiye mtima sukhala m'malo. Ndi zoona kapena ndi mabodza a pa foni aja? (Mayi wa ku Mangochi)

YANKHO: Mayi, nkhaniyi ilipodi koma a pa gulu lanuwo aisokoneza pang'ono. Si katemera ayi. Katemera amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuti chizimenya chokha, pomwe awa ndi mankhwala, dzina lake lenacapavir, a kampani ya Gilead ya ku America, ndipo ndi mtundu wa PrEP, mankhwala oteteza munthu yemwe alibe HIV kuti asaitenge, ngati mapilisi a tsiku ndi tsiku aja kungoti uyu amabaya pansi pa khungu la pamimba ndiye amasungunuka pang'onopang'ono mpaka miyezi 6. HIV ili ndi kachigoba komwe imasungamo mbewu yake, mankhwalawa amakakamira pa kachigobako, kachilombo nkulephera kuswana.

Chomwe chinatidzidzimutsa ife azaumoyo ndi kafukufuku wa PURPOSE 1 yemwe anachitika ku South Africa ndi ku Uganda, zotsatira zinatuluka mu 2024. Munali atsikana ndi amayi achichepere oposa 5,000, ndipo mwa 2,134 omwe anabayidwa jakisoniyu panalibe olo mmodzi amene anatenga HIV. Olo mmodzi! Pomwe kwa omwe anapatsidwa mapilisi ena anatenga ndithu, osati poti mapilisiwo ndi achabe ayi, amagwira bwino ukamamwa, koma ambiri samamwa tsiku lililonse, wina kuiwala, wina kuopa kuti chibwenzi kapena apongozi akaona botolo aziti ali pa ma ARV. Kwa ine mphamvu ya jakisoniyu yagona pamenepo, palibe botolo loti uzibisa m'sutikesi. America inavomereza mu June 2025, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalo mu July chaka chomwecho.

Koma tamverani izi. Musanabayitse amayamba akuyezani magazi, ndipo ulendo uliwonse wobayitsanso muyezedwanso, chifukwa munthu yemwe ali kale ndi kachilombo akabayidwa mankhwalawa paokha kachilombo kamawazolowera nkusiya kuwamva. Poyambira pamakhalanso mapilisi a masiku awiri. Tsiku lobwerera musamalidumphe, mankhwala akamatha mphamvu amatsalira pang'ono m'thupi kwa miyezi yambiri, osakwana kukutetezani koma okwana kuti kachilombo kakalowa kawazolowere. Pobayapo ambiri pamatsala kachotupa kolimba, musathamangire kwa asing'anga, kamaphwa pakokha ngakhale kamatenga nthawi. Ngati muli pa mankhwala a TB nenani msanga, mmodzi mwa mankhwalawo, rifampicin, amafooketsa lenacapavir. Komanso jakisoniyu sateteza ku chindoko, chinzonono ndi mimba, kondomu ntchito yake ikadalipo.

Za mtengo, ku America mu 2025 unali madola opitirira 28,000 pachaka, ndalama yoti ine ndi inu tingoseka, koma mu September 2025 kunalengezedwa kuti makampani a ku India azipanga pa madola 40 pachaka kuyambira 2027. Wina akakutsatsani pa Facebook kapena m'kagolosale musagule. Pitani ku chipatala chanu mukayezetse ndi kufunsa PrEP amene alipo panopa, musadikire jakisoni, ndipo bambowo akabwera mukayezetse limodzi ngati angalole.

FUNSO: Ine ndili pa ma ARV zaka zambiri, kumwa daily kwanditopetsa, ndingasinthe nkuyamba jakisoni ameneyu? (Bambo wa ku Kasungu)

YANKHO: Ayi bambo, musasiye. Kutopa ndikukumvetsani koma jakisoniyu sachiza HIV, ndipo payekha sangalowe m'malo mwa pilisi lanu la TLD lomwe muli mankhwala atatu. Kwa anthu omwe ali ndi kachilombo lenacapavir amaperekedwa pokhapokha mankhwala ena akakanika, ndiponso amaphatikiza ndi ena. Akatswiri akuyesa zoti chithandizo chonse chizikhala cha jakisoni wa kawiri pachaka, koma pakadali pano pitirizani kumwa, ndipo za kutopazo mukawauze a ku kiliniki tsiku lokatenga mankhwala, muyezetsenso viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ngati papita chaka.